Mphaka Wopanda Chikalata cha Oda

Kwa Bwana Wapampando wa Komiti Yogula Katundu,
Khonsolo ya Bweranimawa.

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ngakhale kugwada mu ofesi mwathu masiku ano n'kofuna kulimba mtima chifukwa cha zitosi za makoswe. Ndine Safiya Ramadhani, kamtsikana kaja munakalemba ntchito mwezi wa Meyi kuti kazithandiza kugula katundu wa khonsolo. Mwina simundikumbuka. Tinaonanapo kamodzi, inu mukukwera galimoto kupita ku wekishopu, ine nditakunyamulirani chikwama. Kalatayi ndaitumiza ku nyuzipepala poganiza kuti kuhotela komwe muli nyuzi imafika msanga kusiyana ndi makalata a mu ofesi.

Nkhani yanga ndi yaying'ono ngati mwini wakene. Lachisanu sabata yamawa, miyezi isanu ndi umodzi yondiyesa pa ntchito ikutha. Kuti mundikhazikitse, mudzatsegula fayilo yanga n'kuona dipuloma yanga yeniyeni, imene munailanda tsiku loyamba kuti isungike bwino. Fayiloyo ili m'chipinda cha mafayilo, ndipo m'chipindamo muli makoswe. Makoswe ake ndi adongosolo kuposa ena a ife: anayambira pa shelefu ya A. A Banda onse anatha mu Juni, a Mwale mu Ogasiti, ndipo pano ali pa a Phiri. Ndikuthokoza Mulungu kuti a Phiri alipo ambiri pakhonsolo pano, koma pa Q palibe munthu, Bwana. Akatha a Phiri, wotsatira ndine.

Ndisanapemphe kanthu, ndiloleni ndithokoze monga ndinaleredwera.

Choyamba, zikomo kuti nditapempha kuti tigule mphaka simunandiseke. Komiti yanu inakhala pansi masiku awiri kugombe la nyanja n'kulemba mtundu wa katundu wofunikayo: mphaka mmodzi, wa miyendo inayi, wodziwa ntchito, wosaba nsomba. Ndekha sindikanaganizira za miyendo.

Chachiwiri, zikomo pondiphunzitsa kuti boma siligula kanthu popanda makoteshoni atatu, mapepala a mitengo ochokera kwa ogulitsa atatu, lililonse lokhala ndi chidindo. Ndinayambira ku Chia kwa mayi Maimuna, amene amayanika nsomba ndipo amaweta amphaka asanu ndi awiri olondera thandala. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Anati chibadwire sanamvepo kuti mphaka amagulitsidwa, mphaka amangopatsana, ndipo anafunsa ngati boma lasauka mpaka kusowa mnansi. Komabe anadinda chala pa pepala langa. Ku Bua ndinapeza mlimi wina amene mphaka wake anathawira m'munda wa mpunga atangondiona ndi kabuku, koma mwini wake analemba mtengo. Ku Dwangwa, a Mohamedi a sitolo ya misomali ndi penti anandilandira bwino kwambiri. Iwo ali ndi chidindo chachikulu, pepala lamutu wosindikiza ndi satifiketi ya msonkho. Mphaka alibe, ndipo amati akaona mphaka amayetsemula.

Komiti yanu inasankha a Mohamedi, chifukwa mapepala awo anali okwanira. Nzeru zotere kusukulu sanatiphunzitse.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha lamulo loti mapepala onse ogulira katundu azisungidwa m'chipinda cha mafayilo podikira siginecha yanu. Ndinawasunga Lachisanu. Pofika Lolemba, makoswe anali atasiya kaye a Mwale n'kudya makoteshoni a mphaka onse atatu, kuyambira ndi la chala cha mayi Maimuna, mwina chifukwa linkanunkhira usipa. Anangotisiyira kapini. Munalamula pa foni kuti ndiyambirenso. Ndayambiranso kawiri, ndipo makondakitala a minibasi za ku Dwangwa tsopano amangondiitana kuti achemwali a mphaka.

Chachinayi ndi chimene chandikhudza kwambiri. Mayi Maimuna atandiona kachitatu, nsapato zitang'ambika, anandimvera chisoni. Mawa lake anatumiza mphaka wawo wamkazi wamawangamawanga m'dengu, waulere, ndi uthenga woti mwana wa eni asavutikenso. Mphakayo analowa m'chipinda cha mafayilo nthawi ya eyiti, ndipo isanakwane teni anali atandandalika makoswe anayi pakhomo. Pa mbiri ya khonsolo yathu, palibe wantchito watsopano amene anaonetsapo zipatso tsiku loyamba.

Apa m'pamene munatipulumutsa, Bwana. Munaimba foni kuchokera ku wekishopu n'kutikumbutsa kuti katundu sangalowe mu ofesi ya boma popanda chikalata cha oda. A Tedson, mkulu wosunga katundu, ananena kuti m'buku mwawo mulibe mzere wolembapo chinthu chobwera chokha ndi miyendo. Munaonjezeranso kuti wogula katundu akalandira mphatso kwa wogulitsa, chimenecho ndi chiphuphu. Choncho ndinalemba lipoti la masamba awiri lovomereza kuti ndinalandira chiphuphu chamchira, ndipo mphakayo anatulutsidwa mwaulemu ndi alonda awiri. Makoswe anayi aja a Tedson anawasunga m'katoni ngati umboni, mpaka fungo linatikakamiza kutseka mlanduwo.

Lero mphakayo amakhala pazenera la chipindacho, kunja. Makoswe amakhala mkati. Amayang'anana pagalasi tsiku lonse. Ine ndimadutsa pamenepo popita kukaswali kumzikiti masana, n'kumamva kukukuta kwa mapepala, ndipo ndimayesa kuzindikira ngati akadali pa a Phiri.

Ndinayesa kupempha kuti ndichotsemo fayilo yanga, koma kutulutsa fayilo kumafuna siginecha yanu. Ndinapempha kuti tiisamutsire m'kabati yachitsulo ija ili mu ofesi mwanu, koma anandiuza kuti m'menemo mumakhala fayilo yanu, shuga ndi makapu a alendo. Kabati imeneyo ndimaisirira, Bwana. Inagulidwa tsiku limodzi, m'mawa kupempha, masana kufika, ndipo ndafufuza makoteshoni ake kuti ndiphunzirepo luso koma sindinawapeze. Ndikukhulupirira kuti makoswe anadya.

Pano ndisiye kaye nthabwala. Dipuloma imeneyo bambo anga anagulitsira bwato lawo, ndipo mpaka lero amakwera bwato la eni. Tsiku limene ndinailandira anainyamula kupita nayo kumzikiti kukaonetsa anzawo, ataikulunga m'pepala lapulasitiki kuti isagwidwe ndi thukuta. Amandifunsa kawirikawiri ngati boma likuisamala. Ndimayankha kuti ili m'manja abwino. Ndili ndi mantha, Bwana.

Choncho pempho langa ndi ili, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri. Lolani mphakayu alowe ngati mlendo. Buku la alendo silifuna koteshoni. Ndidzamudinditsa phazi pa mzere wa dzina, ndipo pa mzere wa cholinga cha ulendo ndidzalemba kuti wabwera kudzaonana ndi akuluakulu a m'chipinda cha mafayilo.

Ngati zimenezi zikuphwanya ndondomeko, ndili ndi pempho lina losavuta. Lachisanu la sabata yamawalo, ntchito imene mukanandikhazikitsapo ine muwapatse makoswewo, ndipo wamkulu wawo mumuike mu komiti yanu. Chilowereni ntchito pakhonsolo pano, ndi okhawo amene ndawaona akutsegula fayilo tsiku lomwe yafika, n'kuimaliza.

Ine wanu wogwada, wosakhazikitsidwa, wachiwiri pa mzere wodyedwa,

Safiya Ramadhani,
Wothandizira Kugula Katundu.

Kope la kalatayi ndalisunga m'chipinda cha mafayilo monga mwa lamulo. Ndaliika pa shelefu ya Q, kuti lindigulireko tsiku limodzi.