A Msana ndi Hatchi Yotsimphina

Apongozi anga sankadziwa munthu ndi nkhope. Mukakumana nawo maso ndi maso n'kuwapatsa moni, ankayankha mwaulemu ngati akuyankha mlendo. Koma mukangowadutsa, iwo ankatembenuka, kuyang'ana mmene chiuno chanu chikugwedezekera, ndiye mumangomva kumbuyo: "Kodi ndinu atelala? Bwanji osanena?" N'chifukwa chake dera lonse linkawatcha a Msana, ndipo dzinalo analilandira ndi manja awiri. Ankati nkhope ndi yabodza, imaseka mwini wake akumva ululu, koma msana sunaphunzire kunama.

Anagwira ntchito zaka makumi anayi pakhola la mahatchi, kumene ana ndi akulu omwe amabwera kudzaphunzira kukwera. Sanali dokotala wa ziweto, pepala analibe. Anali ndi manja awo, maso awo, ndi kathumba ka choko chofiira ndi chabuluu kamene sikankachoka m'thumba la ovolosi. Mwa mahatchi onse ankakonda Chifunga, hatchi yaikazi yotuwa, yofatsa, imene inatsala masiku awiri okha kuti ibayidwe jekeseni womaliza. Za jekesenizo ndifikako, koma muyambe mwamudziwa munthuyo.

Ine ndinalowa pakholapo ngati wodula udzu ndi wochotsa ndowe, ndipo mwa mwayi kapena mwa tsoka ndinakonda mwana wawo. Tsiku lokaonekera kwawo ndinavala jekete yobwereka, mawu onse nditaloweza. Sanandilole n'kutsegula pakamwa komwe.

"Tapitani pageti apo."

Ndinapita, ndinabwerera.

"Ndati mupite. Kubwerako ndilibe nako ntchito."

Ndinapitanso, thukuta lili kamukamu, osadziwa ngati andithamangitsa. Nditafika pageti kachiwiri ndinamva akuitana akazi awo m'nyumba.

"Mayi ake, mnyamatayu si waulesi. Katundu amanyamula mbali zonse ziwiri. Mpatseni mpando."

Mafunso anathera pomwepo. Za kwathu, za makolo anga, za tchalitchi chimene ndimapemphera, anadzafunsa titabereka kale mwana woyamba.

Kawiri pachaka kunkabwera ophunzira a kusukulu ya zaziweto, ndipo limenelo linali tsiku lalikulu kwa a Msana. Ankatulutsa Chifunga pabwalo, n'kumusandutsa bolodi. Iye ankangoima phee, maso ali tsinzinitsinzini, choko chikuyenda pathupi pake.

"Uwu ndi mnofu wautali," ankatero akukoka mzere wofiira kuchokera pamene khosi lathera mpaka pachiuno. "Uli uku, uli uko, fupa la msana lili pakati. Mukakwera mumati mwakhalira fupa. Ayi, mwakhalira uwu, ndiye muziulemekeza. Apa pathako ndiye pali injini. Miyendo yakutsogolo imangoperekeza, yogwira ntchito ndi yakumbuyoyi. Kuseri kwa ntchafu kuno kuli minofu itatu yapachibale, ntchito yake kukankha nthaka kuti itsale m'mbuyo. Ndiye pali wina wobisala m'kati, kunsi kwa msana, amene dzanja silimufika. Ameneyo amakokera mwendo kutsogolo. Akadwala sanena, amangodandaulira mumtima ngati mkamwini."

Ophunzira ankaseka, onse akuyang'ana ine.

Vuto linali mvula. Choko sichigwira pahatchi yonyowa, ndipo a Msana sankadziwa kuti phunziro limatha kuimitsidwa. Mitambo ikangoda, ine mtima unkayamba kugunda.

"Akamwini, tavulani shati."

Ndinkawerama, manja pamtolo wa udzu wouma, bambo wa ana atatu, pamaso pa atsikana a makope m'manja. Choko chinkazizira, chinkanyerenyetsa, koma kuseka kunali koletsedwa chifukwa mzere umakhota.

"Ichi mumati bondo lakumbuyo la hatchi si bondo, n'chidendene. Bondo lenileni lili m'mwamba umu, pafupi ndi mimba. Hatchi imayenda chonyang'ama, pachala chimodzi. Akamwini, tanyang'amani. Mwaona? Kuchokera apa kutsika mmunsi mulibe mnofu, ndi mitsempha yokhayokha ngati zingwe. Musatsike, akamwini, sanamalize kujambula."

Madzulo mayi a kunyumba ankandikhula kumsana ndi chinkhupule, akugwedezeka ndi phwete. Ndikadandaula ankati ndithokoze, iwo anakula akujambulidwa kuyambira ali ndi zaka zisanu, ndipo kukwatiwa kwawo kunali kupuma pantchito.

Anthu ena onse sanapulumuke. Msewu wopita kumsika umadutsa pageti pa khola, ndipo a Msana ankadyera chamasana pomwepo, atakhala pachitini. Wapolisi wina anamuuza kuti mwendo wake wamanja ukujomba kuntchito, kaya akuluakulu ake akudziwa. Abusa nawo anauzidwa kuti mapemphero awo afika, koma amagwadira bondo limodzi. Amayi ogulitsa masamba anatopa nazo zouzidwa mbali imene amaberekera mwana, mpaka anatsegula kanjira kawo kuseri kwa mpanda, kodutsa m'minga. Chopweteka kwambiri chinali chakuti munthuyo sankaphonya. Unkapsa mtima, kukafika kunyumba, kuvula nsapato, n'kupeza kuti chidendene chimodzi chadyekadi.

Ndiye chaka chatha mtima wa a Msana unayamba kuvuta, miyendo inatupa, anawagoneka m'chipatala. Amayi eni khola, pofuna kuti akadzabwera adzasangalale, anaitana anthu kudzapaka penti m'chipinda chosungira zishalo. Tonse tinayamikira kuti mwayera.

Patapita milungu iwiri Chifunga anayamba kukhwekhwereza chiboda chakumbuyo chakumanzere. Hatchi imene inkanyamula ana a zaka zinayi inayamba kugoneka makutu, tsiku lina mpaka inafuna kuluma mwana. Anabwera adokotala a ziweto, mayi wachitsikana wodziwa ntchito yake. Anapinda mwendo, anautambasula, anapereka mankhwala a milungu iwiri, koma sizinasinthe. Pomaliza anatiitana ine ndi eni khola.

"Hatchiyi ili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Ndikuganiza kuti mafupa a pachidendene atha. Kuisunga n'kuizunza. Ndibwera Lachisanu."

Eni khola anavomera akupukuta misozi. Ine ndinkadziwa kuti jekeseni ameneyo abaya awiri, hatchi ndi apongozi omwe.

Lachitatu masana ndinapita kukazonda apongozi. Mayi a kunyumba anandilumbiritsa panjira kuti ndisatchule za Chifunga, mtima wa bambo sungapirire. Ndinalowa m'wodi nkhope ili mwee, ndinapereka moni, ndinatembenuka kuti ndiike basiketi pakabati. Kulakwa kwanga kunali kumeneko.

"Akudwala ndani kukhola?"

"Palibe, bambo. Zonse zili bwino."

"Mapewa anuwo asenza maliro. Ndi Chifunga?"

Mwana wawo anandiponda phazi, koma madzi anali atatayika kale. Ndinayamba kufotokoza zimene adokotala ananena. Anandidula ndi dzanja.

"Pakamwa panu sindinapakhulupirirepo. Yendani mmene akuyendera."

"Muno, bambo?"

"Kodi mukufuna ndidzuke ndipite kukhola? Gwirani njinga ya odwala iyo, ikhale miyendo yakutsogolo. Weramani. Tiyeni."

M'wodimo munali mabedi khumi ndi awiri, ndipo inali nthawi ya alendo. Ndinagwira zogwirira za njingayo, ndinawerama, ndinayamba kutsika pakati pa mabedi ndikukhwekhwereza phazi lamanzere. Anthu anasiya kudya. Mkulu wina wa pulasitala kumwendo anati ndikuonjeza, munthu satsimphina choncho. Mnzake wa bedi loyandikana anamuyankha kuti si munthu ameneyo, ndi hatchi, amvetsere bwino.

"Phazi lifupike. Amaliponya patali choncho?"

"Ayi, bambo. Amaliponya pafupi."

"Ndiye musamukometsere. Akamakhotera kumanzere amatani?"

Ndinakhota msana uli gwa ngati thabwa, monga ankachitira Chifunga.

"Mchira?"

Ndinaika dzanja kumbuyo n'kuligwedeza mokwiya. Apa n'kuti anesi atalowa ndi thireyi ya mankhwala. Anaima, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kufunsa mayi a kunyumba ngati bambo awa alembetsa kale kapena akudikira bedi.

A Msana sanaseke. Anali atadzuka n'kutsamira pilo, maso ali pachiuno changa.

"Nanga mukabwera ndi chishalo amatani?"

Ndinaima kaye. Zimenezo palibe anandifunsapo, ndipo ineyo sindinaziganizire. Koma thupi langa linkakumbuka. Ndinabonyeza msana pansi, monga ankachitira Chifunga chishalo chisanamukhudze n'komwe.

"Bwerezani."

Ndinabwereza.

"Hatchi yodwala chidendene siopa chishalo. Ndani walowa m'chipinda changa?"

Ndinawauza za penti. Opakawo anatsitsa zishalo zonse, ndipo atamaliza anazikolekanso mwadongosolo, zazikulu uku, zazing'ono uko. A Msana sanalembepo dzina pachishalo chilichonse. Zaka zonsezi ife tinkangodziwa kuti cha Chifunga chimakhala pamsomali wachitatu, ndipo pamsomali wachitatu m'pamene tinapitiriza kutenga.

"Mwamuveka chishalo cha hatchi yowonda. Chikumutsina mnofu wautali, ndiye mwendo ukuopa kutambasuka. Mukufuna kupha hatchi chifukwa cha msomali. Bwerani kuno, tembenukani."

Ndinagwada pambali pa bedi, ndinawapatsa msana. Chala chawo chinayenda pamwamba pa shati, kuwerenga nthiti mpaka yomaliza.

"Apa. Zala zinayi kuchokera pafupa, kumanzere. Mukadinikize apa."

Anadinikiza kuti ndipamve. Chala chimenecho chinkandidumphitsa zaka khumi ndi zisanu, koma tsiku limenelo ndinachita kumvetsera kuti ndidziwe pamene chili. Ndinakhalabe chogwada kanthawi, kuti asaone nkhope yanga, ngakhale ndinkadziwa kuti kumene ndawapatsako ndiye kosabisa kanthu.

Kukhola ndinafika ndikuthamanga. Ndinawerenga nthiti za Chifunga, ndinayeza zala zinayi, ndinadinikiza. Anabonyeza msana mpaka ndinkati akhala pansi. Pansi pa chala changa panali mfundo yolimba ngati mbatata yaiwisi. Ndinaimbira adokotala, ndipo anabwera tsiku lomwelo. Anagwira okha, anatenga chishalo chija n'kuchiika pamsana popanda nsalu, analowetsa dzanja kunsi kwake, dzanja linakanika kudutsa. Kenako anapumira m'mwamba.

"Mtima wanga wakhala pansi. Jekeseni ameneyu sindinkamufuna. Mukawauze madalawo kuti ndalakwa mokondwa."

Lachisanu linadutsa ngati tsiku lina lililonse. Tinamuthowa Chifunga ndi madzi ofunda m'mawa ndi madzulo, ndinkamutikita mpaka zala kuchita dzanzi, osamukweza munthu, kumangomuyendetsa pang'onopang'ono pakamtunda ka kuseri kwa khola. Chishalo chake tinachipeza pamsomali wachisanu ndi chiwiri. Pofika mlungu wachitatu chiboda chinasiya kulemba mzere pamchenga.

Ndinapita kukanena kuchipatala. Ulendo uno sindinadikire kuuzidwa. Ndinatenga njinga ija, ndinawerama, ndinayenda kuchokera kukhomo mpaka kuwindo, mapazi onse akufika pamene ayenera kufika. Odwala amene ankaidziwa nkhaniyo anaomba m'manja, mkulu wa pulasitala anagogoda bedi ndi supuni. A Msana anali ataonda kwambiri, mawu akutuluka pang'onopang'ono.

"Chiuno chakumanzere chikutsalirabe."

Ndinasiya njinga ija. "Cha Chifunga, bambo?"

"Chanu. Chifunga wachira. Inu mukaonane ndi adokotala."

Anatseka maso akumwetulira, ndipo patapita masiku atatu anatisiya.

Ndisanamize anthu, dera lino linapuma. Amayi a masamba anabwerera mumsewu, kanjira ka m'minga kanamera udzu. Wapolisi amadutsa pageti mosathamanga. Ophunzira akabwera timawapachikira chithunzi chogula, ndipo mvula ikamagwa ine ndimaionera pawindo shati ili pathupi. Chishalo chilichonse tsopano chili ndi dzina, ndinalemba ndekha ndi penti yotsala ija. Loweruka Chifunga amanyamula ana ake aang'ono kuzungulira bwalo, makutu ali chilili, ndipo ndikamamuona akuponya mwendo wakumanzere mpaka kufika, ndimathokoza kuti tinachedwa naye jekeseni.

Koma kwa adokotala sindinapite, ndipo chiuno chija chayamba kundivutadi. Mwezi uno wonse ndakhala ndikutsimphina. Ndimadutsa pamsika, patchalitchi, pashopu ya atelala, ndipo aliyense amandiyang'ana kumaso n'kunena kuti ndikuoneka bwino masiku ano. Ndimawathokoza n'kupitirira, ndipo palibe amene amatembenuka.