Gitala Yagolide ya Alamu Anga

Mwambi uja mumangoutchula osadziwa kwawo unayamba motere, ndipo mundimvere bwino chifukwa ine ndinalipo. Iwe wa malaya ofiira, ika foniyo m'thumba. Chifikireni pano mukungokangana pa zithunzi za magitala, uyu akuti yabwino ndi iyi, uyo akuti ndi iyo, koma palibe mmodzi mwa inu amene waimva ikulira. Khalidwe limenelo ndi limene linandiphera ntchito ine, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwira.

Tinalipo anayi mu bandi yathu ku Bangwe. Ine ndinkaimba gitala yachiwiri, ija imagwira nyimbo kuti isagwe. Pa besi panali Wayisoni, munthu woti tsiku lonse mawu ake sankakwana khumi. Pa ng'oma panali a Mulimbika, kalipentala wa pamsika. Kutsogolo, pa lidi, panali a Layisoni Chikopa, alamu anga. Anakwatira mlongo wanga, komanso ampulifaya inali yawo, choncho chimene anena iwo chinali lamulo. Luso anali nalo, sindingawanamizire, kungoti nzeru zawo zonse zinathera ku zala.

Chaka chimenecho Mayi Nankhonya, mwini hotela ina pa msewu wa ku Thyolo, ankafuna bandi yoti iziimba Loweruka lililonse masana. Anatiuza kuti tikaimbe pamaso pawo Loweruka lotsatira. Akakhutira, ntchito ndi yathu. Akapanda kukhutira, atenga anyamata a ku Ndirande amene anaitanidwanso tsiku lomwelo. Ine nthawi imeneyo ndinkasenza mabelo a fodya ku Limbe, msana utayamba kale kundilankhula. Ntchito ya kuhotelayo ndiyo inali khomo langa lotulukira.

Vuto linali gitala ya a Layisoni. Khosi lake linali litapindika ngati uta, moti inkangonama mawu. Ndiye Lachitatu tinatenga chitini chimene tinkasungamo ndalama za m'maukwati, ulendo kwa a Likaka, bambo wina amene anabwera ndi katundu kuchokera ku Joni n'kumagulitsira m'kachipinda kuseri kwa sitolo ku Limbe. Pakhoma anapachika magitala atatu. Tsoka lake magetsi anali atathima kuyambira m'mawa.

"Alamu, tibwere mawa magetsi akayaka," ndinatero ine. "Gitala yamagetsi sagula isanalire."

"Woimba weniweni amamva ndi maso, alamu," anayankha a Layisoni. "Inu muzingoonerera."

Mwamwayi malume anga, amene anandisiyira gitala yanga, anandiphunzitsa kanthu. Gitala yamagetsi, ngakhale magetsi palibe, siibisa khalidwe lake. Umagunditsa chibwano pathupi pake n'kukhudza nsambo imodzi. Ngati thabwa lake ndi labwino, mawu amayenda m'thabwamo mpaka umawamva m'mano. Ndinapempha a Likaka kuti anditsitsire yoyamba.

Inali Fender yoyera, penti itasupuka pamene pamagona mkono. Nditakhudza nsambo, mawu anatuluka oyera ngati belu la njinga yatsopano. Khosi lake linakhala m'dzanja langa ngati mpini wa khasu lozolowera. Mtengo wake unali woti m'chitini mukanatsalako kogulira nsambo zatsopano.

"Iyi ndi imeneyi," ndinatero.

A Layisoni anangoiyang'ana cham'mbali. "Yazikang'ayo? Mukufuna Mayi Nankhonya aziti tatola kudzala?"

"Yasupuka chifukwa mwini wake sankafuna kuisiya pansi. Gitala yoipa siisupuka, imangokhala pakhoma."

"Ina," anatero iwo.

Yachiwiri inali Gibson yakuda. Imeneyo mawu ake anali onenepa, ndipo ukakhudza nsambo sankafuna kutha. Ndinkangowamva akuyendabe m'nsagwada. Ikanadya chitini chonse, koma inali yoti mpaka zidzukulu zidzaimbira. A Layisoni anaikoleka paphewa n'kuivula msangamsanga.

"Uwu ndi mtondo. Ndivina bwanji nditasenza mtondo?"

Pamenepo ndiwavomereze, inalidi yolemera. Koma munthu amene akudandaula kulemera kwa gitala pamaso pa ine wosenza mabelo, mumuone bwino.

Kenaka a Likaka anapukuta manja pa thalauza n'kutsitsa yachitatu pang'onopang'ono ngati akunyamula khanda. Inali yagolide mbali zonse, m'mphepete atamatamo timagalasi, kumutu atalemba zilembo zopotoka zakuti Royale Sultani. Dzina limenelo sindinalimvepo kale, ndipo sindinalimvenso chiyambire. A Layisoni anadziona nkhope m'timagalasimo, nkhope zisanu ndi imodzi nthawi imodzi, ndipo ndinadziwa kuti tapita.

"Padziko lonse zilipo zitatu zokha," anatero a Likaka motsitsa mawu. "Ina ili ndi mfumu ya Aluya. Inayo sindingakuuzeni."

"Tamverani kupepuka kwake," anatero a Layisoni akuiyendetsa m'mwamba. "Ngati chipanda."

Chipanda ndi chipanda chifukwa m'kati mulibe kanthu, koma ndinaugwira mtima. Ndinagunditsa chibwano, n'kukhudza nsambo. Mawu anangoti phwa, basi, afa. Ndisanachotse chibwano ndinamva zina. M'kati mwa thabwa munkamveka kuti waa, ngati mvula yowaza pa udzu, pamene nsambo zonse zinali zii.

"Muli chinthu chikuyenda umu," ndinatero.

A Likaka sanaphethire n'komwe. "Mwamva? Makutu muli nawo, achimwene. Amenewo ndi magetsi otsalira. Magitala apamwamba amasunga magetsi m'thupi. Ziwiri zinazo mwamvamo kanthu?"

"Ayi."

"Ndiye kusiyana kwake n'kumeneko."

A Layisoni anandiyang'ana ngati ndine mwana wa sukulu amene walakwa samu. A Mulimbika anaona timabowo ting'onoting'ono pafupi ndi pokolekera lamba, tikutuluka kaufa, ndipo anatulutsa chikhadabo kuti akande pang'ono aone mtundu wa thabwa. A Likaka anawagwira dzanja.

"Mukakanda mwagula, bambo. Timabowoto n'topumira. Gitala yotere imatentha ikamaimba."

Titafunsa mtengo, anatchula woti chitini chonse sichikanakwana. Ine ndinapuma, ndikuti Mulungu watipulumutsa ndi umphawi wathu. Koma a Layisoni maso anachita kuwala.

"Mwaona, alamu? Yadula kuposa zinzake zonse. Chinthu chikadula ndiye kuti n'chabwino. Kodi a Likaka ndi openga kuti aikweze mtengo chabe?"

Tinakangana mpaka Wayisoni analankhula, zimene sizinkachitika kawirikawiri. Anati, "Tidikire magetsi." Tinagwirizana kuti tibwerere Lachisanu tonse anayi, tidzamve magitala onse atatu akulira pa ampulifaya. A Layisoni anagwedeza mutu kuvomera, chitini chili m'khwapa mwawo.

Lachinayi madzulo nditaweruka ndinapita kwa a Layisoni, kumene tinkachitira pulakatisi. Pa msomali pamene ndinkapachika gitala yanga panalibe kanthu. Gitala ya malume anga, yopanda dzina, yofiirira ngati chikwa cha fodya, imene sinandinamizepo mawu ngakhale tsiku limodzi. Pabedi, atafunditsa bulangete, panagona chigolide chija.

"Gitala yanga ili kuti?"

"Khalani pansi, alamu. Ndalama zinaperewera pang'ono, ndiye a Likaka anatikomera mtima. Analandira yanga yopindika ija ndi yanuyo ngati zowonjezera."

"Mwagulitsa gitala yanga?"

"Ndaikweza udindo. Pamene pali Royale Sultani sipafunikanso gitala yachiwiri. Inu muziimba maseche."

Anandipatsa maseche. Ine, munthu wa ndevu zanga, amene ndinaphunzira gitala iwo akadali kusewera fulaye ndi alongo awo. Ndinaona mdima masana. Ndinagwira mpando wa a Mulimbika kuti ndiwaphwanyire pamutu, koma mlongo wanga anagwada pakati pathu.

"Achimwene, ndi bambo a ana awa. Mukawapha ndiwalera ndi ndani?"

Ndinausiya mpandowo. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati ndinachita bwino.

Lachisanu magetsi analipo tsiku lonse. Tinawachonderera kuti ailumikize timve. Anakana. A Likaka anawauza kuti mawu oyamba a gitala yotere ali ngati tiyi woyamba pa masamba, ndiye okoma kwambiri, ndipo si owonongera anthu wamba ngati ife. Tinachita pulakatisi ya besi, ng'oma ndi maseche, a Layisoni akuimba lidi ndi pakamwa. Mlongo wanga ankadutsa akudzikanda m'mikono, akudandaula kuti sakudziwa chimene chalowa m'zofunda. Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana bulangete lija, koma mkwiyo unanditseka nzeru.

Loweruka tinafika kuhotela dzuwa lili paliwombo. Anatiika pakhonde loyang'ana kudzuwa. Mayi Nankhonya anakhala pampando wa ndalema, alendo awo atazungulira ndi mabotolo m'manja. A Layisoni anavala suti yoyera yobwereka. Atavundukula gitala, timagalasi tinathwanima mpaka anthu anaphimba maso, ena n'kuwomba m'manja tisanaimbe kanthu. Alamu anga anatembenuka kundiyang'ana kuti ndione.

Analumikiza waya. Asanakhudze nsambo, sipika inayamba kulira ngati akukazinga mbalala.

"Magetsi otsalira aja," anandinong'oneza. Kenaka anapotokola ampulifaya mpaka kumapeto.

A Mulimbika anawerenga, tinalowa. Mawu amene anatuluka mu Royale Sultani anali a udzudzu wotsekeredwa m'chitini. A Layisoni anakhwimitsa dzanja, akumenya nsambo ngati zawalakwira. Apa n'kuti dzuwa likuwotcha pentiyo, besi ya Wayisoni ikugwedeza khonde lonse. Eni nyumba a m'katimo anaona kuti dziko latha. Ndinaona mzere wakuda ukutuluka pa timabowo topumira tija, wina pansi pa nsambo, wina kuseri kwa kagalasi. Nyerere, zina zitasenza mazira awo, zinakwera lamba n'kulowa m'kolala, zina m'manja mwa suti yoyera ija.

A Layisoni anayamba ndi phewa limodzi. Kenaka onse awiri. Kenaka chiuno, mwendo ukuponyedwa uku, wina uko, koma zala osasiya nsambo, chifukwa manyazi anali akadalipo. Anthu anaimirira n'kuyamba kukuwa. Ndinamva Mayi Nankhonya akuuza mnzawo kuti, "Gitalayo ndi yachabe, koma mwamunayu amavina."

Zitafika kumene sindingatchule pamaso pa ana, manyazi anatha. Anadumpha m'mwamba ndi mfuu, msomali wa lamba unazuka m'thabwa ngati dzino lovunda, gitala n'kugwa pasimenti. Sinasweke ngati thabwa. Inangophwasuka ngati chigumu, khosi uku, thupi pawiri, ndipo pakhonde ponse panada bii. Alendo anakwera pamipando. Alamu anga anali atavula kale jekete, malaya ndi thalauza, akudzimenya mbama m'nthiti. Ine ndinali chiimire ndi maseche m'manja.

Mayi Nankhonya anali munthu wachilungamo. Fumbi litatsika anati, "Ngozi imagwera aliyense. Besi ndi ng'oma ndazikonda. Tengani gitala ina mumalize nyimboyo, ntchito ndikupatsani."

Wayisoni anayang'ana pansi. A Mulimbika anayang'ana kumwamba.

"Kodi bandi yonseyi gitala ndi imodzi?" anafunsa Mayi Nankhonya.

"Inalipo ina, mayi," ndinatero. "Afunseni alamu angawa kumene ili."

Anyamata a ku Ndirande anali akukwera kale masitepe. Wa kutsogolo anakoleka Fender yazikang'a ija. Wa pambuyo pake ananyamula gitala yofiirira, yopanda dzina, yokhala ndi kachipsera pamene malume anagwetsera ndudu. Anazigula kwa a Likaka Lachisanu, magetsi akuyaka, atazimva zikulira. Anaimba nyimbo imodzi yokha, ndipo gitala yanga inalira bwino m'manja mwa mlendo kuposa tsiku lina lililonse. Ntchito anaitenga. Ine ndinasenza mabelo zaka zina khumi ndi ziwiri, n'chifukwa chake mumandiona ndikuyenda chowerama chonchi. A Likaka titawalondola Lolemba, tinapeza m'kachipinda muja mukugulitsidwa makala.

Tisanachoke pakhonde paja, a Mulimbika anatola chibenthu cha Royale Sultani, n'kuchikanda ndi chikhadabo chija anawaletsa, n'kuchinunkhiza.

"Ku Joni kwake kuti?" anatero. "Uwu ndi mkuyu. Wa m'mbali mwa mtsinje konkuno, anaudula utauma kale. Thabwa ili ine ngakhale kampando ka mwana sindingapangire."

Ndikuona iwe wamagalasi ukufuna kutsutsa, ukuti aphunzitsi anakuuzani kuti mwambiwu ndi wa chipatso ndipo unalipo magitala asanabwere. Kawafunse aphunzitsi akowo kuti anaimbapo maseche pamaso pa anthu kangati. Ine ndikunena zimene ndinamva ndi makutu angawa.

Mayi Nankhonya analandira chibenthucho kwa a Mulimbika. Anachitembenuza mbali yagolide, anachitembenuza mbali yamabowo, n'kusasa kanyerere kamodzi kamene kanawakwera pachala. Kenaka anayang'ana alamu anga, ali chilili ndi kabudula wam'kati pakati pa alendo, n'kupukusa mutu.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."