Khadi la pikiapu yoyera

Sabata imeneyo sindinaone tulo, ndipo wondisowetsa mtendere sanali mwana ayi, inali firiji ya a Mbewe. Inangoti njo pakati pa kanyumba kathu ka malata ku Freedom Park kuno ku Joni, moti potuluka ndinkayenda chammbali ngati nkhanu. Ndikaona firijiyo, ndikaona matumba a anthu ounjikana mpaka kudenga, mtima uja myuu: nanga galimotoyo ikachepa, ndiuza ndani kuti katundu wake atsale?

Mwaimva nkhawa yangayo, anzanga? Kuti mwina galimoto kulibe, zimenezo sizinandifike m'mutu. Ine ndinkaopa kuti ichepa.

Zinayamba Lolemba. Amuna anga, bambo a Shakira, amagonera ku Marikana pafupi ndi mgodi, kunyumba amabwera Loweruka. Ine ndine munthu wa diso, kanthu sikandidutsa, ndiye pochapa jekete lawo ndinapisa m'thumba n'kupezamo envulopu. M'katimo munali khadi lonyezimira, pakona chizindikiro cha kampani ina ya magalimoto, pansi dzina la amuna anga. Munalinso pepala la chithunzi: bambo, mayi ndi mwana akumwetulira pafupi ndi pikiapu yoyera, bamboyo atakweza kiyi m'mwamba. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, Chingerezi cha m'makalata chimandizunguza mutu, koma chithunzi ndani angalephere kuwerenga? Bambo, mayi, mwana mmodzi. Nanga ife tilipo angati?

Ndinathamangira kwa a Mbewe, madala a ku Dedza oyandikana nafe, amene anakalambira pansi pa mgodi ndipo pano amadya penshoni. Magalasi awo anali atasweka, ndiye pepalalo analigwirira kutali ngati likununkha.

“Aikona, mwana wanga, apa palibe chofunsa. Kampani siingalembe dzina lako pa khadi lake usanagule. Ifenso kumgodi, ukakhala ndi khadi ndiye kuti ndiwe wam'kati.” Kenako anatsitsa mawu. “Ndiye Disembala mudutsa pa Dedza, eti? Ndili ndi kafiriji.”

Mukudziwa mmene zimakhalira kuno ku Joni. Munthu wopita kumudzi pa galimoto yake sapita yekha, amanyamula mudzi wonse. Pofika Lachitatu mabulangete anali atabwera, mapoto, njinga ya mwana, sipika yaikulu ngati bokosi la maliro, chilichonse chitalembedwa dzina ndi mudzi. Amayi ena amene sankandipatsa n'komwe moni anayamba kunditchula “achemwali”. Ine kukana ndikanayambira pati?

Amayi anga ku Mangochi ndinangowatumizira mawu pafoni, n'kuwachenjeza kuti asauze munthu. Mawa lake anayankha: “Asiyatu, sindinauze munthu. Koma achimwene ako adula kale mitengo, akumanga chigafa choti izigonamo. Amalume ako akuti mpando wakutsogolo ndi wawo, bondo lawo lija.”

Mufunsa kuti bwanji osawaimbira amuna anga. Ndinkati akundibisira kuti adzandidabwitse, ndiye ndinafuna kuwaonetsa kuti m'nyumba muno wodabwitsa ndine. Adzafika Loweruka, adzaipeza pakhomo.

Lachisanu ndinabereka Shakira, a Mbewe anavala suti yawo ya kutchalitchi poti ndi amene adzayendetse, tinakwera takisi mpaka m'tauni ya Rustenburg. Kumalo ogulitsira magalimoto aja pansi pake pamawala, unkachita kudziona. Anatilandira ndi tiyi. Ndipo iyo, pikiapu yoyera yeniyeni ya pachithunzi! Ine osachedwa, ndinatulutsa chingwe chimene ndinayezera firiji n'kuyamba kuyeza kumbuyo. A Mbewe anali atalowa kale, akusuntha mpando.

Kunabwera bambo wina wa tayi, wogulitsa. “Dumela, mma,” anandipatsa moni mwaulemu. Ndinamupatsa khadi ndi manja awiri, a Mbewe n'kumasulira kuti tabwera kudzatenga. Analiyang'ana khadi, anayang'ana chingwe changa, anayang'ananso a Mbewe amene anali atagwira chiwongolero. Analankhula zambiri, ine ndinangotolapo “mapointi”.

“Akuti chiyani, madala?”

“Akuti... iyayi, Chingerezi cha anyamata a masiku ano n'chothamanga.”

Poti dzina la pakhadi silinali langa, anapempha kuti tiimbire mwini wake. Mwatsoka amuna angawo tinawapeza atatuluka kumene mumgodi, ndipo foni yawo anaiika poti aliyense amve.

“Amayi a Shakira, muli kuti?”

“Ndabwera kudzatenga galimoto yanu ija. Mumayesa sindidziwa?”

“Galimoto yanji?”

“Ya pakhadi!”

Kenako ndinamva kuseka, osati kwa munthu mmodzi, anzawo onse a shifiti. Atapuma anandifotokozera kuti khadilo ndi logulira zinthu n'kulipira pambuyo, analitenga kumsika wina waukulu chifukwa olembetsa ankawapatsa ambulera. Ambulera yomweyo ndinali nditaikolowekera pamkono! Akuti ukamagulira khadilo umapeza mapointi, ndipo mapointiwo amakuchotserako mtengo wa matayala, wa kukonzetsa injini, mwinanso wa galimoto yatsopano.

“Nanga matayalawo tiika pa chiyani?”

“Ndiye chifukwa chake sindinakuuzeni, amayi.”

Mpaka lero mutu wanga sugwira. Munthu alibe mbuzi, iwe ukumupatsa chingwe? Ndinafunsabe, poti ndinali nditafika kale, kuti mapointi athuwo angagule chiyani. Bambo wa tayi uja anadinadina pakompyuta, analowa m'kachipinda, anatuluka ndi kapepala konunkhira kokhala ndi kachingwe, kamene amapachika pagalasi la galimoto. Anandipatsa ndi manja awiri, ngati mmene ndinamupatsira khadi. A Mbewe anatsika pang'onopang'ono, nabwezera mpando pamene anaupeza.

Tinakwera takisi kubwerera kunyumba. Titatsika ndi pamene madala anati, “Komabe tiyi wawo ndi wabwino.”

M'mawa mwake ndinalawirira kukabwereka wilibala kwa a Mbewe omwewo, kapepala konunkhira kaja ndinakamangirira pachogwirira, n'kuyamba kubweza katundu khomo ndi khomo. Amayi a “achemwali” aja analandira bulangete lawo osandiyang'ana n'komwe. Amayi anga atamva anangoti chigafa sichiwonongeka, mbuzi zalowamo kale. Firiji ndinamalizira, ndipo ndikulimbana nayo pamatope bambo a Shakira anatulukira pakona, chikwama paphewa. Anaima, ananunkhiza m'mwamba, n'kukweza chala ngati akuimitsa takisi.

“A dalaivala, Mangochi malo alipo?”

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira: m'matumba ndizipisabe, umenewo ndi udindo wanga, koma pepala lililonse lokhala ndi anthu omwetulira ndizilibwezera momwe ndalipeza.