Kwa Tiwonge Kapena kwa Kondwani

Lolemba

Ana onse awiri akundiitana. Tiwonge, woyamba kubadwa, amaphunzitsa masamu ku Seychelles, dziko la tizilumba pakati pa nyanja yamchere. Kondwani, mlongo wake, amawotcherera mapaipi a mafuta ku Angola. Aliyense akunena zofanana: "Adada, chaka chakwana, chiliza cha amama taika. Bwerani mudzapume kuno miyezi itatu." Yankho akulifuna Lamulungu.

Vuto ndi lakuti awiriwa salankhulana. Kondwani anafika pamaliro a amayi ake titaika kale, ndipo Tiwonge anamuuza mawu pamaso pa anthu. Kuyambira tsiku limenelo aliyense amandiimbira payekha. Ndikapita kwa mmodzi, winayo ndamutaya.

Nkhani zotere ankazidula ndi malemu mkazi wanga, a Nyagoma. Pa ukwati wathu wonse ntchito yanga inali kuvomereza, ndipo ndinkaigwira bwino.

Ganizo langa nali. Sindisankha mwana, ndisankha dziko. Ndiyerekeza mayiko awiriwa mwachilungamo, ngati mmene timayerekezera mbewu ya mpunga tisanafese. Mulungu akalola, onse apezeka ndi zilema zofanana, ndidzati alingana, n'kukhala pano osakhumudwitsa aliyense. Mvula ili pafupi. Manda osapalira amaoneka ngati a munthu wopanda abale.

Ndalemba mzere pakati pa kalendala yakale, kumbuyo kwake. Zofufuza:
chakudya
njovu
tchalitchi
ngati munthu angalonjere mnzake n'kumvana.

Lachiwiri

Kusukulu, kukaona mapu. A Mulenga, mphunzitsi wa ku Kitwe amene anamutumiza kuno ndipo sanakhululukebe, akutsitsa mapu aakulu a kukhoma.

Angola alipo yense. Wamkulu, wagundana ndi Zambia kumadzulo, ngati mnansi amene mpanda wake unalowa m'munda mwako.

Seychelles palibe. Chiswe chinadya nyanja mbali imeneyo. A Mulenga akulowetsa chala pabowo nati, "Madala, ifunika kukhala apa." Ndikusuzumira. Ndikuona njerwa.

Akuti anthu a dziko lonselo mwina sakwana ngakhale a boma lathu lino la Chama, koma ali ndi pulezidenti wawo, mbendera yawo, nyimbo yawo ya fuko. Ife tili ndi msika ndi chigayo.

Chilumba ndimachidziwa. Pa Luangwa, kumunsi kwa Chifunda, panali china chimene malume anga ankabzalapo maungu. Chaka china madzi ataphwa tinapita ndi makasu, osachipeza. Ndikufunsa a Mulenga ngati za m'nyanja nazonso zimasamuka. Akuti, "Sizichoka, madala. Ni nyanja chabe ndiye ikwera pang'ono pang'ono." Akunena ngati nkhani yabwino.

Chilema cha Seychelles: lingamire.

Za Angola akuti nkhondo inatha kalekale, manje ndi mafuta okhaokha. Koma amalankhula Chipwitikizi. Ine Chipwitikizi ndimadziwa mawu amodzi, ndipo amene anandiphunzitsa anati ndisadzawanene pali akazi.

Chilema cha Angola: ndingakhale miyezi itatu osalonjera munthu.

Alingana. Zikuyenda bwino.

Lachitatu

Netiweki lero ili pa chulu cha kuseri kwa khola. Ndaima pamenepo ndi kalendala ndi pensulo.

Tiwonge pa chakudya: mpunga tsiku lililonse, nsomba, kokonati. Mpunga wake umabwera pa sitima kuchokera kumayiko ena, ndipo sununkhira. Munthu wa ku Chama kuwoloka nyanja kukadya mpunga wosanunkhira! Akutinso ena amadya mileme ikuluikulu, yothira zokometsera ndi tsabola. Ndalemba, koma sindikuweruza. Ifenso mbewa sitizisiya.

Njovu kulibe. Nkhani iyi yandikhudza, chifukwa chaka chatha zinandidyera chimanga theka. M'malo mwa njovu kuli afulu aakulu ngati wilibala, okalamba kuposa munthu aliyense m'dzikomo, ndipo boma limaletsa kuwadya. Amangoyenda pang'onopang'ono, osalankhula ndi munthu. Tiwonge akuti, "Mudzagwirizana nawo, adada."

Kondwani pa chakudya: nsima ya chinangwa, nyemba zophika ndi mafuta ofiira. Pa njovu akuti ziliko kutali, iye sanazione. Akufulumira kukamba za mafuta a galimoto. "Adada, kuno sitigula petulo m'zigubu ngati kwanuko." Ndikumukumbutsa kuti njinga yanga ndi yopalasa. Ndikufunsa ngati mafutawo amagawa kwa anthu, popeza ndi a dziko. Akuti ayi, amagula. Ndikufunsa ngati anawaonapo potuluka pansi. Akuti ayi, ambiri amatuluka pansi pa nyanja, kutali, iye amangoona mapaipi.

Ndiye kuti konse kuli nyanja. Palibe anandiuza.

Tchalitchi: mpingo wathu kulibe kwa Tiwonge, kulibenso kwa Kondwani. Alingana.

Cholakwa cha lero: ndamuuza Kondwani za afulu. Wazindikira kuti ndikuyerekeza. Akuti, "Dziko loti munthu n'kulizungulira pa njinga asanamve njala? Mudzatopa ndi kukhota, adada." Pofuna chilungamo, ndamuuzanso Tiwonge zimene mlongo wake wanena. Akuti, "Dziko lalikulu lija, koma ndege yobwera kumaliro linalibe."

Ndatsika pachulu.

Lachinayi

M'mawa kumanda, ndi khasu. Udzu wayamba kale kumera m'mbali mwa chiliza, mvula isanagwe n'komwe. Pafupi ndi a Nyagoma, kudzanja lamanzere, tinasiya malo. Ndi anga. Ndapaliranso pamenepo.

Ndili pomwepo ndazindikira kuti pa kalendala ndaiwala chachikulu. Munthu wa msinkhu wanga sayamba ulendo asanadziwe njira yobwerera. Chakudya ndi afulu n'zazing'ono. Dziko labwino ndi limene lingandibweze msanga pamalo aja.

Pachulu. Funso limodzi kwa onse awiri, mawu ofanana, kuti pasakhale kukondera:

"Ndikafera kumeneko, thupi limafika bwanji ku Chama, ndipo limachedwa motani? Bokosi limakwera m'mwamba ndi anthu kapena pansi ndi katundu?"

Tiwonge wakhala chete. Ndikuyesa kuti ndi netiweki, ndikukwera pamwamba penipeni pa chulu. Kenako: "Adada, mukumva bwanji m'thupi? Mwadya? Muli ndi ndani?" Ndikuyankha kuti ndili ndi mbuzi. Akulira.

Kondwani: "Adada, musachite chilichonse. Mwamva? Khalani pomwepo." Ndikumuuza kuti palibe chimene ndikuchita, ndaima pa chulu. Akuti, "Tsikani."

Funso losavuta, onse alephera. Pa kalendala ndalemba mutu wakuti Bokosi, pansi pake mbali zonse ziwiri palibe kanthu. Tinganene kuti alingananso.

Lachisanu

Ndisanamwe tiyi, njinga pabwalo. Alamu anga a Goma, mlongo wa a Nyagoma, achokera ku Tembwe, thukuta mpaka m'nsapato. Akundigwira mapewa, akundiyang'ana m'maso nthawi yaitali. "Alamu, muli moyo." Ndikuvomera.

Nkhani yake ndi iyi. Dzulo Tiwonge atasiya kulankhula nane anaimbira Kondwani. Analankhula mpaka foni kutentha, onse akulira. Agwirizana kuti bambo awo atopa ndi moyo. Aimbira a Goma, a Goma aimbira mkulu wa mpingo, mkulu wa mpingo wauza mkazi wake, ndipo pamenepo foni sinafunikenso.

Pofika masana pakhonde pali amayi a mpingo, nyimbo zitatu ndi pemphero. Nyimbo ina ndi yomwe anaimba pamaliro. Mmodzi wawagwira mkono anzake, asintha.

Ndikufotokoza kuti ndikungoyerekeza mayiko. Pofuna umboni ndikutulutsa kalendala. Mkulu wa mpingo akuwerenga mokweza: "Lingamire. Osalonjera munthu. Bokosi." Akuipinda, akuika m'thumba la jekete.

Zimene andichotsera m'nyumba:
mankhwala opopera thonje
mpeni wa mkate, ndi wina wosathwa umene a Nyagoma ankapalira nsomba
chingwe cha mbuzi
lamba wa thalauza.

Mbuzi manje ili m'dimba la anansi athu, a Zimba. Thalauza ndagwira ndi dzanja.

A Zimba abwera kudzadandaula za mbuzi, amva nkhani, akhala pansi. Iwo akuti Angola, ndipo pobwera ndiwatengereko chigubu chimodzi cha petulo. Amayi a mpingo akuti Seychelles, chifukwa mwana wamkazi ndiye amadziwa kusamala wodwala. Ndikunena kuti sindikudwala. Akuyang'anana.

Chabwino cha lero: ana anga akulankhulana.
Choipa: akulankhula za ine.

Loweruka

A Goma agona pabalaza, pampando, atautsamiritsa kuchitseko. Kulikonse ndipita ali pambuyo. Kuchimbudzi amaima panja n'kumandifunsa za mtengo wa feteleza, kuti amve ngati ndikuyankha.

Kukiliniki, mokakamizidwa. Ine pa kaliyala, a Goma akupalasa, dzanja langa limodzi pa thalauza. Namwino ndi mtsikana wa ku Lusaka, waulemu. Wandiyeza magazi, wandimvera mtima. Zonse zili bwino, kuposa za a Goma, amene wawayezanso poona mmene akupumira.

"Atate, mumaganiza zambiri?"

Ndikumuuza kuti sabata ino ndikuganiza za mayiko awiri okha. Ndikufotokoza za chilumba, za mafuta, za afulu. Akumvetsera bwino, kuposa aliyense sabata yonseyi. Pomaliza akutsitsa mawu: "Mukafunseko kwa mwana wanu ngati ku Seychelles afuna manesi."

Wafunsanso ngati ndimawasowa amayi a kunyumba. Ndati inde. Wadikira kuti ndipitirize. Ndanyamuka, dzanja pa thalauza.

Pobwerera tikumana ndi a Mulenga. Amva kale. Akupepesa chifukwa cha zija za nyanja kukwera, akuti sanadziwe kuti ndizitenga choncho. Abwereketsa foni yawo yaikulu mawa, kuti ana ndiwaone nkhope.

Kalendala sinabwerere, koma zonse ndazisunga m'mutu. Seychelles: laling'ono, lopanda njovu, lingamire. Angola: lalikulu, silingamire, koma losalonjereka, ndipo mafuta ake sagwira ntchito pa njinga yanga. Mpingo kulibe konse. Bokosi, konse sadziwa. Alingana ndendende. Mawu a mawa ndawakonza, ndayeserera kawiri kuseri kwa nkhokwe. A Goma amva ndikulankhula ndekha. Atumiza uthenga kwinakwake.

Lamulungu

Kutchalitchi andipempherera ponditchula dzina, pakati pa odwala ndi a paulendo. Sanadziwe pondiika.

Masana, pachulu, ndi foni ya a Mulenga. A Goma agwira foni, ine ndagwira thalauza. Pagalasi nkhope ziwiri, Tiwonge m'mwamba, Kondwani m'munsi. Chiikireni chiliza sindinawaone pamodzi, ndipo ngakhale tsiku lija anaima wina uku wina uko.

Ndikuyamba monga ndinakonzera. Ndikuti ndafufuza mwachilungamo, ndafunsa ophunzira, ndayeza mbali zonse, ndipo mayiko awiriwa alingana.

Tiwonge: "Ndiye chifukwa chake mupita konse, adada."

Akonza kale zonse. Miyezi itatu ku Seychelles, kuchoka kumeneko miyezi itatu ku Angola. Kondwani akuti mlongo wake ayambe, popeza ndi wamkulu. Tiwonge akuti ayi, ngati Kondwani afuna ayambe ndi iye. Akukanirana mwaulemu. Munda alima a Zimba, tidzagawana. Manda azipalira a Goma. Mbuzi sanaitchule, ndipo ine sindinakumbutse.

Ndikuti nanga mvula, nanga nyumba. Kondwani akuti, "Adada, simukhalanso nokha. Tagwirizana." Liwu lakuti tagwirizana alinena kangapo, wina akayamba wina n'kumaliza. Kenako Tiwonge wafunsa chifukwa chake ndaima chopendekera. A Goma atsitsa foni, aonetsa thalauza. Ana aseka. Aseka nthawi yaitali, onse awiri, mpaka Kondwani kupukuta m'maso. Ndikadatha kunena pamenepo kuti sindipita. Ndinaona kuti ndikanena asiya kuseka.

Ndinafuna kusapita kulikonse. Ndikupita konse, miyezi isanu ndi umodzi.

Madzulo kumanda. A Goma aima patali pansi pa mtengo, akuyang'ana kumbali. Ndawafotokozera a Nyagoma zonse: kuti ana akulankhulana, kuti kwina kuli afulu, kwina mapaipi, kuti alongo awo ndiwo azipalira ndipo asayembekezere zambiri. Ndawauza kuti ndibwera msanga, asadandaule. Pobwerera ndakumbukira kuti ndi mawu omwewo anandiuza iwo pokwera galimoto ya chipatala.

Mawa tipita kuboma kukajambulitsa chithunzi cha pasipoti. A Mulenga akuti pa chithunzi chimenecho saloleza kumwetulira. Zimenezo ndikwanitsa.