Zigayo Ziwiri pa Kaduya

Lolemba
A sukulu ya kwacha anati muzilemba, ndiye ndikulemba. Nkhani yake nayi. Loweruka kuli chinkhoswe cha mdzukulu wathu Esinati, akuchimuna akuchokera ku Migowi. Pakufunika ufa woyera, wosachititsa manyazi. Mphale mayi akunyumba avuula kale, ili pamphasa.

Tsono pa Kaduya pano zigayo zakhala ziwiri: chakalekale cha a Makwinja, ndi chatsopano cha a Bonongwe, obwera kuchokera ku Limbe. Wailesi ikuti matipate alowa ndi m'malonda momwe, ogulitsa akamapikisana wosangalala ndi wogula. Wogulayo ndine! Ndauza mayi kuti mphale isapite kaye. Mtengo ndiutsitsa ndi pakamwa panga pano.

Lachiwiri
M'mawa kwa a Makwinja. Ndikhala pabenchi, ndiyamba ndi za dzombe lakale, mtima wawo ufewe, kenako ndiponyamo kuti anzanu ajatu atsitsa. Atsitsa pomwepo. Masana kwa a Bonongwe, nthano yomweyo, kungotembenuza mayina. Atsitsanso, ati thumba azikutulira okha pakhomo ndi njinga.

Mayi akuti, "Kagayitseni lero, bambo." Ine ndikuti mango sathyola akadali kupsa.

Lachitatu
Mtengo ukutsikabe. Mudzi wonse ukugayitsa motchipa, wondithokoza palibe. Chiperoni chatsika kuphiri, mphale talowetsa m'nyumba isanaumitsitse.

Zomwe anthu akudandaula kuchitsime:
ufa wa a Bonongwe ukununkha palafini, akuti akuthira mudizilo kuti apulumutse;
wa a Makwinja ukutuluka wamiseremisere, sefa inang'ambika, ndipo pamtengo umenewu ina aigula ndi chiyani;
wina akuti nsima ya kwa a Bonongwe osadyera pafupi ndi moto.

Zazing'ono izi. Ndidikira atsitse kamodzi kokha.

Lachinayi
A Makwinja atseka, dizilo wawathera. Kwa a Bonongwe mzere wafika kumsewu, injini ikutsokomola ngati ine. Ndabwerera ndi thumba langa. Mphale yayamba kafungo.

Mayi sakundilankhula. Akulankhula ndi nkhuku, koma nkhaniyo ndi yanga.

Lachisanu
Maliro kutsidya kwa mtsinje. Pamudzi pakagwa zovuta chigayo sichilira, ndinaiwala zimenezo. Kumanda ndikuona a Makwinja ndi a Bonongwe pamthunzi umodzi, mitu pamodzi. Anong'onezana, anong'onezana, kenako onse atembenukira kwa ine. Ndayimba nyimbo mokweza, maso kumtengo.

Pobwerera kwamveka kuti agwirizana. Nyumba ya a Makwinja, injini ya a Bonongwe, mtengo umodzi, woposa uja tinkadandaula nawo chaka chatha.

Loweruka
Tambala woyamba ndili kale pachigayo. A Makwinja apisa dzanja m'thumba, anunkhiza, apukusa mutu. "Yonyowa iyi, agogo, ititsekera sefa. Kaiuzeni nthano, mwina iuma."

Tabwereka mitondo mudzi wonse. Alendo akufika, akulandiridwa ndi misi, gu! gu! gu! Esinati wavala kale chitenje chatsopano, koma ali pakati pa osinja, ufa mpaka m'nsidze, osandiyang'ana. Nsima yapsa dzuwa litapendeka, yotuwa, yowawasa pang'ono. Nkhoswe yakuchimuna ikuti, "Kuno mumasungadi mwambo." Yadya mbamu ziwiri, yasamba m'manja.

Chinkhoswe chatheka. Mwana ndi wokongola, ufa sunamulepheretse.

Lamulungu
Kutchalitchi benchi yanga yakula, ndakhalapo ndekha. Chigayo ndi chimodzi, mtengo uli kumwamba, fungo la palafini likadalipo, ndipo aliyense akudziwa amene anayambitsa.

Mphale yatsalako theka la thumba. Mayi ayambanso kundilankhula. Andibweretsera musi, ati, "Sabata yonse mwagaya ndi pakamwa. Mawa muyese ndi manja."

Wailesi ikunenabe kuti wosangalala ndi wogula. Ndaithimitsa. Mabatire nawo akwera.