A Lezala Aimbira Chitseko

Inu, tamverani, kokerani mpandowo kuno. Pali anthu ena amene Mulungu anawapatsa luso m'manja, koma pakhosi anangowaikira njira ya chakudya basi. Mlandu umayamba mwini khosi akapanda kudziwa zimenezo.

Mumsewu mwathu muli wometa wina amene tonse timangowatchula kuti a Lezala. Kumeta amameta ndithu, sindingawanamizire. Akazi awo anamwalira kalekale, n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi, amene iwo anayamba kumuitana kuti "adokotala" asanamere ndi mano omwe. Chaka chimene ndikunenachi adokotalawo anali m'kalasi lomaliza kusekondale, mayeso ali pamphuno. Mwana akanalakwa, koleji ikanathera m'maloto, ndipo a Lezala, amene anali atalengeza kale za udokotalawo kwa mutu uliwonse umene unakhala pampando wawo, akanayenda bwanji mumsewu?

Aphunzitsi analangiza kuti mwanayo azipita ku maphunziro apadera masana. A Lezala atamva kuti ndi olipira, chifuwa chinawagwira mwadzidzidzi. Tsiku lomwelo kunabwera wokonza mafoni kudzametetsa.

"A Lezala, mwatsalira," anatero wokonza mafoniyo. "Masiku ano kuli nyimbo zotsegula ubongo. Mwana akamamvera, masamu amangolowa okha ngati madzi pamchenga."

"Zolipira?"

"Kwa inu, ulere. Mungondichotsako ndevuzi."

Ife m'masiku athu nyimbo yowerengera inali ya udzudzu, ndipo tinkakhoza. Koma a Lezala atangomva mawu oti ulere, chifuwa chija chinapola.

Anati ayambe ayesa okha mankhwalawo mushopu. Atangotsegula foni, munamveka mvula: waaa! A Lezala anaponya chipeso, n'kuthamangira panja kukaanula matawulo, akukuwa kuti, "Atelala, lowetsani nsalu!" Kunja dzuwa likuswa mtengo. Telala woyandikana nawo anangowayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mvula yake ya kwanu nokha, achimwene?"

A Lezala anabwerera mushopu. Mvulayo inali ya mufoni, ndipo pansi pake pankalira kapiyano kaulesi ngati kakupempha pogona. Pampando panali wapolisi wina wopuma pantchito, mwini ndevu za pamlomo zimene ankazisamala kuposa ana ake. Kapiyano kakulira, mvula ikugwa, wapolisi anayamba kusinza. A Lezala anamuseka mumtima, n'kuyasamula kamodzi, kawiri. Makina ometera ndiwo okha amene sanagone.

Wapolisi atatsegula maso anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Ndevu zanga zili kuti?"

"Zina zilipo, bwana."

"Nanga za mbali iyi?"

"Zapuma pantchito, bwana, ngati eni ake."

Mmene anathamangira a Lezala tsiku limenelo, akanakhala mwana wasukulu akanalandira chikho.

Munthu wanzeru akanapita kukalipira aphunzitsi aja. Koma safunsa anadya phula, ndipo a Lezala anapempha lina lowonjezera. Anakhala pansi n'kupeza chimene chinalakwika: nyimbozo zinalibe mawu. Nyimbo yopanda mawu, anatero, ndi ndiwo zopanda mchere, n'chifukwa chake zimagonetsa. Mwana amafunika mawu omudzutsa, ndipo woimba sanafunike kumufuna kutali. Kodi iwo sanali m'kwaya ali mnyamata? Anaiwala kuti m'kwayamo ankawaika kumbuyo kwenikweni, n'kuwapatsa udindo wosunga majekete a anzawo.

Malemu akazi awo ndiwo ankatha kuwazimitsa ndi diso limodzi. Ife amene tinaika akazi athu timadziwa: m'nyumba mukasowa wokuuza kuti "bambo, zakwana," umayamba kudziona waluso.

Anabwereka sipika kwa mlamu wawo wogulitsa kaunjika, ija yokolekera m'khosi. Mwana akangoweruka kusukulu n'kulowa kuchipinda ndi mabuku, iwo ankatseka shopu, n'kukaima pakhomo pa chipindacho.

"Werenga, dokotala, werenga!
Buku si pilo, tsegula maso!
Mtima uli kumanzere,
Chiwindi chili... chili pomwepo!
Werenga, dokotala, werenga!"

Inu, mawu ake! Munamvapo mbuzi itakodwa pawaya? Mbuziyo imayesetsako.

Mwana anatsegula chitseko, maso ali psuu.

"Ababa, chonde, mutu ukundipweteka."

"Ndi ubongo ukutseguka umenewo, adokotala. Pirirani."

"Koma sindikumva zimene ndikuwerenga."

"Ndiye ndikweze?"

Mwana anawayang'ana, n'kutseka chitseko, kiyi n'kupotokola. Kuyambira tsiku limenelo sanadandaulenso. M'chipindamo munkangoti zii, ndipo a Lezala ankatsamiritsa khutu pachitseko, mtima uli mbee. "Mwamva bata limenelo?" ankauza telala. "Mwana wamira m'mabuku. Ngakhale kutsokomola sakutsokomola!" Telala ankangoluma ulusi wake.

Mavesi anachuluka. Panabwera vesi ya masamu, vesi ya mapu, ndi ina yaitali yoopseza za anyamata. Agalu a mumsewu ankathandiza kolasi. Khanda la kuseri linasiya kulira, linaona kuti ntchito yake yalandidwa. Koma namwino wa khomo loyandikana, amene ankagwira ntchito usiku n'kumagona masana, analephera kupirira. Ndiye taonani: a Lezala akuimba nyimbo, namwino akuimba foni yokawanenera, ndipo mayi eni nyumba anatulukira kudzawaimba mlandu. Msewu wonse unasanduka wa oimba.

"A Lezala, ndinakubwereketsani nyumba kapena bwalo la msonkhano?"

"Mayi, awa ndi maphunziro. Mukadzadwala mudzandithokoza."

"Ndadwala kale. Tsegulani, tione mwana amene mukumuzunzayo ngati akadali moyo."

A Lezala anagogoda monyada. "Adokotala, tulukani muwaonetse anthu osakhulupirirawa." Zii. Anagogodanso. Zii. Mayi aja anasolola kiyi wawo pamulu wa makiyi, chitseko n'kutseguka.

Bedi loyala bwinobwino. Windo lili pululu. Patebulo fumbi loti ungalembepo dzina, ndipo kangaude anali atamanga nyumba yake pampando, mwina mpaka kubereka ana.

Telala, amene anabwera kudzaonerera pamodzi ndi theka la msewu, anakonza kukhosi. "Ife timadziwira nthawi pomwepo. Mukangoti 'Werenga,' mwendo woyamba uli kale panja. Mukamafika pachiwindi, wakhota pakona."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira vesi yoyamba."

Milungu yonseyi a Lezala akhala akuimbira chitseko! Koma chimene chinawalasa si chimenecho. Mwana wamkazi wotuluka pawindo tsiku ndi tsiku amapita kuti? M'mutu mwawo munadutsa mnyamata, kenako mimba, kenako nkhope ya malemu akazi awo ikuwafunsa kuti mwana uja mwamutani. Anatuluka liwiro, sipika ikadali m'khosi, osaizimitsa, moti msewu wonse unkamva kupuma kwawo ndi mawu akuti, "Ndimupha! Ndimumeta mpala ndi botolo!"

"Kuchigayo!" telala anakuwa kumbuyo kwawo.

Kuchigayoko kunkagwira ntchito mlongo wawo wa a Lezala, azakhali ake a mwanayo. Injini inali kubangula moti malata ankanjenjemera. Ndipo kuseri kwa injiniyo, pathumba, panakhala adokotala, tsitsi lili mbuu ngati nkhalamba, buku pamwendo, cholembera chikuthamanga. Mnyamata panalibe ngakhale wa mankhwala.

"Ukutani kuno?" anakuwa a Lezala.

"Ndikuwerenga, ababa!"

"Paphokoso lonseli?"

"Kuno kuli bata!"

"Bata?"

"Chigayo sichindifunsa kuti ndamva vesi imeneyo! Ndiponso sichinama za chiwindi!"

Azakhali anabwera akudzikuntha m'manja, n'kuzimitsa sipika ya pachifuwa pa mchimwene wawo. "Achimwene, amayi anakuuzani muli mwana kuti kuimba si kwanu, m'kwaya anakuuzani, malemu alamu anakuuzani. Mukufuna akuuzeni ndani, nduna?"

A Lezala anabwerera kunyumba wapansi. Sipika inabwezedwa kwa mwini wake. Namwino anagona tulo mpaka anachedwa kuntchito.

Mayeso analembedwa, zotsatira zinatuluka, ndipo mwana uja anakhoza mochititsa kaso, koleji n'kumuitana. Tonse tinati basi, munthu uja waphunzirapo kanthu. Ha! Simuwadziwa a Lezala. M'mawa mwake tinawapeza mushopu chifuwa chili patsogolo, lumo likuvina m'manja.

"Mwaona ntchito ya nyimbo zanga?"

"Nyimbo ziti?" anafunsa telala. "Mwana anawerengera kuchigayo."

"Nanga anamuthamangitsira kuchigayoko ndani?"

Apo pokha bodza panalibe.

Ndipo chondiwawa ine n'chakuti munthuyo anapambanadi. Lero mumsewu mwathu ana akukhoza mayeso kuposa misewu yonse yozungulira, popanda mvula ya mufoni, popanda kapiyano. Dzulo lomweli ndinamva wapolisi uja, ndevu zitameranso mbali zonse, akuuza mdzukulu wake amene ankasewera mpira pakhomo:

"Iwe, ukapanda kugwira buku pompano, ndikukaitana a Lezala adzakuimbire."

Mwana anasiya mpira ukugubuduka.