Mbale ya Alendo ndi Mkodzo wa Tilipo

Amene akufuna kudziwa chifukwa chimene sindinasankhidwire kukhala mkulu wa mpingo kwathu kufupi ndi Mvera, chaka chija tinayamba kuvotera zipani zambiri, akafunse galu wanga, Tilipo.

Tilipo anayamba kumwa madzi mopitirira muyeso, mimba inatupa, ubweya n'kumathothoka. Dokotala wa ziweto ku Lilongwe anati ankakayikira kuti tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso tikutulutsa mahomoni ochuluka. "Mubweretse mkodzo woyamba wa m'mawa, bambo, tikautumize kokayezetsa. Koma galuyo akhale wodekha, chifukwa akachita mantha mahomoniwo amakwera okha."

Ine sindichita zinthu mwachisawawa. Ndinatsuka katatu mbale yathu ya alendo (amayi a kunyumba sanadziwe), ndinaimangirira kunsungwi, ndinavala tayi, n'kuyamba kumulondola m'bandakucha.

Galu amene ankakodza paliponse, tsiku limenelo anaganiza zodzisungira ulemu. Akakweza mwendo, ine n'kusendeza mbale. Iye n'kundiyang'ana, n'kutsitsa mwendowo. Tinadutsa m'munda wa fodya, tinakwera chitunda, tinatsikira kuchitsime, kumene tinapeza amayi a mumpingo mwathu akutunga madzi.

"Abambo, mbaleyo n'njachiyani?" anafunsa Nachisale, mtsogoleri wawo.

"Ndikufuna mkodzo wa galuyu, ndipo uyenera kukhala woyamba," ndinayankha mwaulemu (chiganizo chimenechi chinalibe cholakwika chilichonse).

"Hee! Chisankho cha Lamulungu chomwechi mpaka mankhwala? Amayi, tamvani!"

Pobwerera m'mbuyo kuti ndiwafotokozere bwino za impso, ndinaponda mchira wa Tilipo. Analira nathawa. Ndinamuthamangitsa, ndinamugwera m'mizere ya mtedza, ndipo chifukwa cha mantha anakodza. Theka linalowa m'mbale. Linalo, tayi yanga ndiyo ikudziwa.

Dokotala, ataona kuti ndikutsimphina, anafunsa kuti, "Kodi anali wodekha?" Ndinanena zoona. Anakhuthula botolo lonse limene ndinabweretseramo mkodzowo ine ndikuona.

M'mawa mwake amayi a kunyumba anatsuka chivindikiro cha chitini naima pafupi ndi njinga yanga. "Tilipo amakodzera tayala lanuli tsiku lililonse, bambo. Chikhalireni." Sipanathe ngakhale mphindi imodzi, mkodzo unali m'chivindikiro muja.

Matendawo anapezekadi, mankhwala anabwera, ubweya unamera. Koma Lamulungu lija ndinapeza voti imodzi yokha, ndipo malembedwe ake okongolawo ndinawazindikira msanga: anali anga.

Ndinaphunzirapo kufunsa amayi ndisanavale tayi. Iwo amati anandikhululukira, komabe mpaka lero, alendo akabwera, mbale ija amaiika patsogolo panga.